Za katemera watsopano wa TB tiuzeni panopa, osadikira ndege itere

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga mu nyuzipepala yathuyi. Ine dandaulo langa ndi la chifuwa chachikulu, TB, makamaka nkhani ya kafukufuku wa katemera watsopano amene akuchitika kunja komanso mu Africa momwemuno, yomwe inu simukuilemba mchichewa olo pang'ono. Mumadikira tsiku lokumbukira TB pa 24 March, tsiku limene Robert Koch analengeza mu 1882 kuti wapeza kachilombo koyambitsa matendawa, mujambule akuluakulu atavala matisheti ndi zipewa, magule avinidwe, alawansi ilandiridwe, mawa lake zii mpaka chaka chamawa. Chonsecho TB siyipita ku holide. A WHO anati mu 2023 mokha anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB ndipo 1.25 miliyoni anamwalira nayo, kutanthauza kuti inabwereranso pa nambala wani pa matenda opatsirana opha anthu ambiri, mpando umene inangobwereketsa kwa Covid kwa zaka zitatu. Covid tinamutsekera masukulu, koma mnzakeyu timangoti aaa ndi chifuwa basi.

Tiyambire pa mkono. Pindani mkono wa malaya muone chakumtunda kufupi ndi phewa, ambiri mupezapo kachipsera kozungulira, ameneyo ndi katemera wa TB wotchedwa BCG amene munalandira muli khanda. Amene munaperekezako mwana ku sikelo mukudziwa mmene zimakhalira, nesi sabaya mkati mwa mnofu ayi, amangolowetsa kansonga ka jekeseni pakhungu pamwamba penipeni mpaka patukuke pang'ono, pakatha masabata angapo pamabwera kachilonda kotuluka timafinya, mayi wachitsikana nkumada nkhawa kuti mwina nesi analakwitsa, agogo nkumati usapakepo kanthu pachira pokha. Katemera ameneyu anapangidwa ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin ku Lille ku France, anatenga bakiteriya wa TB ya ng'ombe nkumamubzala mobwerezabwereza mu labotale kwa zaka 13 mpaka atafooka, ndipo mwana woyamba anamulandira ku Paris mu 1921. Mu 1921 a Mkonzi, dziko lino likadali Nyasaland, patangopita zaka 6 chichitikireni nkhondo ya Chilembwe. Mpaka lero palibenso katemera wina wa TB wovomerezeka, ndi yemweyo basi.

Ndisamunyoze, kwa ana amagwira ntchito ndithu, amawateteza ku TB yoopsa ija yolowa mu ubongo ndi ina yofalikira thupi lonse, nde amayi musasiye kubayitsa ana chifukwa cha kalata yangayi. Vuto lili kwa achinyamata ndi akuluakulu amene amadwala TB ya mmapapo, ndipo ndi amenewa amatsokomolera anzawo mminibasi, mndende modzadza muja, mnyumba za lendi za chipinda chimodzi zopanda windo. Apa BCG ndi wosadalirika. Ku Britain atamuyesa mzaka za mma 1950 anateteza pafupifupi 80 pa 100 alionse, koma ku Chingleput ku India pa kafukufuku wamkulu akuluakulu sanawateteze nkomwe. Ndipo sitikufunika kupita kutali, umboni wina waukulu unachokera kwathu konkuno ku Karonga. Kuyambira 1986 mpaka 1989 anthu oposa 120,000 kumeneko analowa mu kafukufuku wofuna kuona ngati kubaya BCG kachiwiri kungawonjezere chitetezo, zotsatira zinatuluka mu 1996, pa khate kunathandiza, kunachepetsa ndi pafupifupi theka, koma pa TB ya mmapapo ayi ndithu. Akatswiri ena amati chifukwa china nchoti kumadera otentha ngati kwathu kuno mdothi ndi mmadzi muli tizilombo tina tapachibale ndi TB timene thupi limakumana nato kale, nde BCG akabwera sawonjezerapo zambiri. Ku sukulu tinaloweza nyanja za ku Canada, koma ndi angati akudziwa kuti madokotala a dziko lonse amatchula Karonga akamakamba za BCG?

Nde asayansi ataona chonchi anaganiza zoti BCG akhale poyambira, kenako pabwere katemera wina wodzakumbutsa thupi ndi kulimbitsa chitetezo chija. Njira imodzi imene akhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa 20 ndi imene amaitchula kuti viral vector, ndipo ndi imene ndikufuna anthu aimve bwinobwino chifukwa ndi imene a mabodza amaikonda. Amatenga vayirasi ina yosakhudzana ndi TB, nthawi zambiri ya mtundu wa adenovirus, gulu la mavayirasi amene ena mwa iwo amayambitsa chimfine wamba, amaichotsa zida zake zoberekera kuti ikalowa mthupi isachulukane, nde mkati mwake amaikamo kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni ya bakiteriya wa TB. Bakiteriya weniweniyo mulibemo, nde munthu sangadwale TB chifukwa cha katemerayu. Zili ngati wa kabaza amene mwamutuma kukasiya chithunzi cha mbava kwa amfumu kuti mudzi wonse uidziwe nkhope isanafike, mbavayo sanaikweze pa njinga, wanyamula chithunzi chokha, akasiya ntchito yake yatha. Vayirasi ija imalowa mmaselo athu angapo, maselowo amapanga puloteni ija nkuionetsa kunja, asilikali a mthupi amaiona nkuisunga mmutu. Puloteni imene ambiri anasankha imatchedwa antigen 85A, bakiteriya amaigwiritsa ntchito pomanga khungu lake lokhuthala lamafutamafuta limene limamupangitsa kukhala wovuta kupha.

Wina afunsa kuti bwanji osangopanga ngati katemera wa chikuku kapena wa kafumbata, amene amagwira bwinobwino? Chifukwa bakiteriya wa TB ndi wochenjera mwa mtundu wina. Mmapapo mwathu muli maselo akuluakulu otchedwa macrophage amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo, nde iyeyu amalola kumezedwa kenako nkukhazikika mkati momwemo, amatha kukhalamo zaka ndi zaka ali phee. Akatswiri amati munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anakumana naye kale, koma amene amadzadwala ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse. Ma antibody, zida za chitetezo cha mthupi zimene zimayandama mmagazi, amavutika kumupeza mdani wobisala mkati mwa selo, pamafunika maselo otchedwa T cell, makamaka a CD4. Eee, CD4 yomweyo imene timaimva ku kiliniki ya ma ARV kuti yatsika kapena yakwera. Nchifukwa chake HIV ndi TB zimayendera limodzi, HIV ikadya ma CD4 bakiteriya amene anagona uja amadzuka, ndipo TB ndi imene imapha kwambiri anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Ubwino wa viral vector nde uli pamenepa, poti puloteni ija imapangidwira mkati mwa selo, thupi limayesa kuti vayirasi yeniyeni yalowa nde limadzutsa ma T cell ambirimbiri, a CD4 ndi anzawo a CD8 amene amapha selo limene mwabisala mdani.

Ndipo ambiri a ife njira imeneyi tinailandira kale osadziwa. Katemera wa Covid wa AstraZeneca uja anafika mu March 2021 kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira maiko katemera, ndi viral vector, anagwiritsa ntchito adenovirus ya anyani a mtundu wa chimpanzi, Johnson & Johnson nayenso chimodzimodzi koma yake ndi adenovirus ya anthu nambala 26. Katemera wa Ebola amene anayesedwa ku Guinea mu 2015 nkudzathandiza ku DRC nayenso amayenda pa vayirasi ina. Mukukumbuka mauthenga a pa WhatsApp aja oti akufuna kutisandutsa anyani? Chifukwa chenicheni chinali chophweka kwabasi, vayirasi ya chimfine ya anthu thupi limakhala kuti linakumana nayo kale nde limaigwira panjira isanapereke uthenga, pomwe ya chimpanzi ambiri sitinakumane nayo. Palibe anatiuza zimenezi mchilankhulo chathu, tinangouzidwa kuti katemera ndi wabwino kabayitseni. Ndipo chimene ambiri sakudziwa nchoti ku Oxford kumene kunachokera AstraZeneca, ma vector amenewa anali akuwayesa kale pa TB ndi pa malungo zaka zambiri Covid asanabadwe, anaphunzirira pa matenda athuwa.

Koma kunena chilungamo, pa TB njirayi siinapambanebe, ndipo inagwapo chagada anthu akuona. Katemera wotchedwa MVA85A anapangidwa ndi gulu la Prof Helen McShane ku Oxford pogwiritsa ntchito vayirasi ya MVA, imene inachokera ku katemera wakale wa nthomba nkufooketsedwa ku Germany. Anayamba kumuyesa pa anthu mu 2002, magazi a amene analandira ankaonetsa kuti ma T cell adzuka, aliyense mtima unali mmwamba kuti mlowammalo wa BCG wayandikira. Kenako anapita naye ku Worcester chakufupi ndi Cape Town, dera limene TB ili mbwee, kumene bungwe la SATVI linalemba makanda 2,797 amene anali atalandira kale BCG, theka analandira MVA85A theka lina jekeseni wopanda katemerayo. Zotsatira zinatuluka mu February 2013. Mgulu la katemera ana 32 anadwala TB, mgulu linalo 39. Kusiyana kwa ana 7 pa ana pafupifupi 2,800, pa masamu a kafukufuku kumeneko kutha kungochitika mwamwayi, sungaimirire nkumati katemera wateteza. Ana sanawavulaze koma sanawatetezenso. Atamuyesa pa akuluakulu amene ali ndi HIV ku South Africa ndi ku Senegal sanaonetsenso chitetezo. Wina woyenda pa adenovirus nambala 35, wotchedwa AERAS-402, anayesedwa pa makanda ku Kenya, South Africa ndi kwa aneba athu ku Mozambique, chitetezo chimene anadzutsa chinali chochepa moti sanapitirire naye pa gawo lalikulu. Ndiponso mu 2018 magazini ya madokotala ya BMJ inafunsa mafunso ovuta ngati zotsatira za MVA85A pa anyani zinafotokozedwa mokwanira asanayambe kubaya ana aja, a ku Oxford anakana kuti sanalakwitse kanthu. Ine mlandu umenewo sindingauweruze, koma makolo amene amapereka ana awo ku kafukufuku akuyenera kudziwa kuti mafunso otere amakhalapo ndipo kufunsa si mwano.

Nde phindu la zonsezi linali chani? Anaphunzira chinthu chowawa, kuti kuona ma T cell akuchuluka mmagazi sikutanthauza kuti munthu watetezeka. Pa matenda ena umangoyeza magazi nkudziwa kuti katemera wagwira, pa TB chizindikiro chotero sichinapezekebe, nde njira yokhayo ndi kubaya anthu masauzande nkudikira zaka kuti uone amene adwale ndi amene sadwala, nchifukwa chake kafukufuku wa TB amadya ndalama ndi nthawi chonchi. Enanso anati bakiteriya amene ali ndi majini pafupifupi 4,000 sungamugonjetse pongoonetsa thupi puloteni imodzi. Koma funso limene ine linandigwira mtima ndi ili, TB imalowa ndi mpweya nkukafikira mmapapo, nde bwanji katemera tikumubaya pa mkono? Asilikali amene aphunzitsidwa kudzera mu mnofu amazungulira mmagazi, pomwe bakiteriya akafika mmapapo amakhala masabata akuchulukana mwakachetechete iwowo asanafike.

Apa mpamene nkhani yayamba kukoma. Ku McMaster University ku Canada, gulu la Prof Zhou Xing ndi Prof Fiona Smaill linatenga adenovirus nambala 5 yonyamula antigen 85A yomwe ija, mmalo mobaya, anthu anaipuma ili nthunzi kudzera pa kamakina ka mtundu umene amaikira odwala mphumu ku chipatala. Kenako madokotala analowetsa kapaipi kakang'ono mmapapo mwa anthu odzipereka aja nkutsukamo kuti awerenge maselo, ndipo tiwapatse ulemu anthu amenewo chifukwa ine kapaipi mmapapo ndili bwinobwino sindikanalola. Zimene analemba mu 2022 zinaonetsa kuti amene anapuma katemera anali ndi ma T cell okhazikika mnjira za mpweya momwemo, pomwe kwa amene anabayidwa mu mnofu zimenezi sizinaoneke. Ku Oxford nakonso anayesa kupumitsa anthu MVA85A, ndipo ali ndi wina woyenda pa vayirasi ya chimpanzi yomwe ija ya AstraZeneca, amene anamuyesa ku Entebbe ku Uganda pa achinyamata ndi akuluakulu, kuyamba ndi vector imodzi nkudzakumbutsa ndi ina kuti thupi lisaizolowere. Ku Kazakhstan anayesa wothira mmphuno woyenda pa vayirasi ya fuluwenza yofooketsedwa. Ndipo ku Oregon ku America gulu la Louis Picker linagwiritsa ntchito vayirasi ya CMV, imene ikalowa mthupi siichoka nde imakhala ikuwakumbutsa asilikali nthawi zonse, mu 2018 analengeza kuti pa anyani inachepetsa matenda ndi 68 pa 100 alionse, anyani ena sanadwale nkomwe. Koma chonde a Mkonzi mukamalemba musadzaike mutu wa zilembo zikuluzikulu woti katemera wa TB wapezeka. Wa ku Canada uja anayesedwa pa anthu ochepa chabe pongofuna kuona ngati savulaza ndiponso ngati akudzutsa chitetezo, wa ku Oregon ndi anyani, ndipo MVA85A nayenso siteji yoyamba yomuyesa pa anthu ochepa anaidutsa bwinobwino.

Palinso zoopsa zenizeni zimene tisabisirane. Adenovirus nambala 5 ili ndi mbiri yake. Mu 2007 kafukufuku wa katemera wa HIV wa kampani ya Merck wotchedwa STEP, pamodzi ndi mnzake Phambili wa ku South Africa, anaimitsidwa panjira, ndipo zinadzaoneka kuti amuna ena amene analandira katemerayo, makamaka osadulidwa komanso amene anali atakumanapo kale ndi adenovirus imeneyi, anatenga HIV kwambiri kuposa anzawo amene sanalandire. Kuno kwathu akuluakulu ambiri vayirasi imeneyi anakumana nayo kale ndipo HIV ikadalipo, nde tsiku limene wina adzabwere ndi katemera wa TB woyenda pa nambala 5, kaya wopuma kaya wobaya, a komiti yathu yoona za kafukufuku wa zaumoyo adzafunse funso limeneli mokweza. CMV nayo poti imakhalitsa mthupi, pafunika kusamala ndi amayi oyembekezera komanso amene chitetezo chawo chinatsika. AstraZeneca uja kwa anthu ochepa kwambiri anayambitsa vuto la kuundana kwa magazi, zinali zoona, koma poti mchichewa palibe anazifotokoza bwinobwino anthu anazimvera kwa aneneri a pa Facebook zitathiridwa kale mchere. Munthu wamkulu ukamuuza kuti chiopsezo chilipo koma nchochepa chonchi amasankha yekha, ukamubisira akadzazimva kwina sakukhulupiriranso olo ubwere ndi madontho a polio.

Tsono amene ali patsogolo panopa si wa viral vector ayi, ndi wina wotchedwa M72/AS01E amene anapangidwa ndi kampani ya GSK, iyeyu ndi mapuloteni awiri a TB olumikizidwa, osakaniza ndi mankhwala odzutsa chitetezo. Anayesedwa ku Kenya, South Africa ndi Zambia pa akuluakulu oposa 3,500 amene anali kale ndi bakiteriya mthupi koma asanadwale, ndipo zotsatira za 2019 zinaonetsa kuti anachepetsa kudwala ndi pafupifupi theka kwa zaka zitatu. Gawo lomaliza la kafukufuku wake linayamba mu March 2024 pansi pa Gates Medical Research Institute ndi ndalama za Gates Foundation ndi Wellcome, anthu pafupifupi 20,000 ku South Africa, Kenya, Zambia, Indonesia ndi Malawi. Inde Malawi, abale athu anapereka mikono yawo, koma kafunseni pa msika kapena pa depoti ngati alipo anamvako. Ndipo taonani kalendala, zotsatira zabwino 2019, gawo lomaliza 2024, zaka zonsezo kudikira wolipira, pomwe Covid amene anagwira mabwana a ku London ndi New York katemera wake anatuluka chaka chisanathe. Ndisanene zambiri.

Wina ati ngati M72 ali panjira nde za ma vector zikufunikiranji? Theka ndi theka basi, mwa anthu 10 amene akanadwala 5 adzadwalabe, ndiponso gawo lomaliza limatha kutuluka mulimonse, taona kale ku Worcester. Ma vector ali ndi ubwino wina umene ife osaukafe tisaunyoze, mafakitale anaphunzira kale kuwapanga ochuluka, Serum Institute ya ku India inapanga madozi a AstraZeneca mamiliyoni mazanamazana, ndipo ankasungika mu furiji wamba wa madigiri 2 mpaka 8, kutanthauza kuti alangizi athu a zaumoyo atha kunyamula mkabokosi kozizira kaja pa njinga mpaka kumudzi kumene galimoto siifika nthawi ya dzinja. Wopuma uja akadzatheka nde kulibenso jekeseni, ngakhale kamakina kake kadzafune magetsi kapena mabatire, ndipo za magetsi athu ndisayambe.

Ndikamalemba chonchi ndimaganiza za mlamu wanga wina amene anadwala TB ya mmapapo. Anayamba ndi kutsokomola kosatha, thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, kuonda, apabanja ena nkumati ndi kanyera ena akuti tsempho, anazungulira kaye kwa asing'anga ndalama ya feteleza nkuthera konko. Atapita ku chipatala anamupatsa kabotolo kapulasitiki ka chivindikiro chopota, akuti adzuke mbandakucha apite kuseri kwa nyumba kumene kulibe anthu, akoke mpweya kwambiri atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa, akufuna makhololo osati malovu. Makina oyeza makhololo a GeneXpert anaipeza TB. Mankhwala miyezi 6 osadumphitsa, miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi yophatikizidwa mmapiritsi akuluakulu ovuta kumeza, mkodzo unafiira chifukwa cha rifampicin mpaka anayesa akukodza magazi, njala yake nde osanena, munthu sakupita ku ganyu koma akufuna phala mmawa, nsima masana, usiku adzukenso kufunsa ngati mkute ulipo. Mankhwala ndi aulere inde, koma thiransipoti, chakudya ndi munda umene unagona chaka chimenecho palibe anamubwezera. Anachira, koma mpaka pano akakwera kachitunda amaima kaye kupuma. Ndipo iyeyu kachipsera ka BCG ali nako pa mkono ngati tonsefe. Onjezanipo madala athu amene anabwerako ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela ndi TEBA mapapo atadzadza fumbi, onjezanipo amene TB yawo siikumva mankhwala wamba, muona kuti katemera wa akuluakulu si nkhani ya azungu a mu labotale okha.

Mantha anga ndi oti katemera adzapezeka, kaya M72 kaya wa vector, ndege idzatera ku Lumbadzi, nduna idzajambulitsa ndi mabokosi, kenako anthu adzathawira ku dimba. Tinaziona kale. Mu May 2021 ku Lilongwe boma linawotcha madozi 19,610 a AstraZeneca amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, zoona anabwera atatsala masabata ochepa kuti athe, koma mphekesera nazo zinathandizira kuti mizere ikhale yaifupi. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa, ogwira ntchito mmabungwe ena mpaka anasiya kulowa mmidzi. Nde taganizirani, kafukufuku wa TB amafuna kutenga magazi, makhololo, zithunzi za pachifuwa, kenako wina abwere ndi kamakina akuti pumani nthunzi iyi muli vayirasi ya chimpanzi. Ngati simunayambe kufotokoza lero, tsiku limenelo kudzakhala kuthamangitsana ndi zikwanje. Komatu a Malawi si anthu okana zatsopano, mu April 2019 dziko lino linali loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana ndipo amayi anapita nawo ana ku sikelo, chifukwa malungo amawadziwa ndipo alangizi anali pafupi kuyankha mafunso.

Nde pempho langa kwa inu ndi ili. Tumizani mtolankhani wanu, amene sachita manyazi kufunsa kawiri akapanda kumva, apite ku nthambi ya boma yoona za TB, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku bungwe la kafukufuku la Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre, ndi ku komiti imene imavomereza kafukufuku. Akafunse kuti a Malawi angati ali mu kafukufuku wa M72 ndipo zotsatira tiziyembekezera liti, munthu akavulala mkati mwa kafukufuku amamulipira ndani, fomu imene anthu amasainira ija ili mchichewa chomveka kapena chomasulira mothamanga chimene olo mphunzitsi sangachimve, ndipo katemera akadzatheka ife amene tinapereka mikono tidzakhala kutsogolo kwa mzere kapena tidzadikiranso zotsala ngati nthawi ya Covid, pa mtengo wanji, adzalipira ndani pano pamene thandizo la ku America lachepa chonchi. Akafunsenso ngati pali dongosolo loti katemera wopuma uja adzayesedwe kuno, poti kumuyesa ku Canada kumene anthu ambiri sanaonepo wodwala TB sikungatiuze mmene angagwirire ntchito ku Ndirande kapena ku Mtandire. Aphungu athu nawonso afunsidweko kuti mu bajeti ya zaumoyo kafukufuku wathuwathu amapatsidwa zingati, zisamangokhala za a Gates.

Mayankhowo muwalembe mchichewa patsamba loonekera, osati kakona pansi pa malonda a mapuloti, ndipo muwapatseko a mawailesi a mmadera awerenge madzulo anthu atabwerako kumunda, chifukwa mlamu wanga uja nyuzipepala sagula.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre